Bulangeti Limene a Muhala Anakhalira

A Muhala anamwalira mu Febuluwale, ine ndamva dzana. Miyezi inayi yathunthu munthu ali m'dothi, ine kuno ku Nkando ndikumawatchula m'pemphero ngati wamoyo, kumati Ambuye muwasunge agogo aja. Amene anandiuza ndi a Fanesi, mayi wokolopa ku wodi ya ana. Anandiuza ali chiimire, mopu ili m'manja, ine mwana wanga Tadala ali kumsana akutsokomola. Ndinangofunsa kuti, “Kodi agogo a mpweya aja lero sanabwere?”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana, n'kundiyang'ananso ine.

“Iwe make Tadala, kwanuko mauthenga safika?”

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye kalembedweka mungondipirira. Koma ndilemba ndithu, chifukwa pali chinthu chimene tinkachidziwa anthu awiri okha, ine ndi iwo, tsopano ndatsala nacho ndekha ndipo chikundilemera. Dzina la chipatala ndilisunga. Ndi cha konkuno kwathu, kunsi kwa phiri, kumene m'mawa wa mu Juni sungaone ngakhale mtengo wa pakhomo chifukwa cha chiperoni.

Anali munthu wamfupi, wamatewe. Ankavala ovolosi yofwifwa ya ku esiteti ndi magambuti odula m'akakolo. Diso lakumanzere linkangokha misozi, ati linapsa ndi moto wowotcherera, pakuti unyamata wawo wonse anathera mu wekishopu ya fakitale ya tiyi, kulumikiza zitsulo. Bambo awo anachita kubwera wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo iwo akapsa mtima Chichewa chinkawathera n'kuyamba Chilomwe. Koma chimene munthu unkayamba kuona ndi manja. Anali otuwa mbuu, ong'aluka ngati nthaka ya mu Okutobala, chifukwa ankasamba ndi sopo kosawerengeka pa tsiku ndipo mafuta sankadzola ngakhale dontho. Sopoyo anamuboola pakati n'kumumangirira ndi chingwe pa msomali, pafupi ndi kampando kawo. Ankati okosijeni akakumana ndi mafuta safuna machesi, amayaka yekha.

Ndiye nkhondo yawo yoyamba ndi mayi aliyense watsopano inali ya mafuta odzola. Ine anandilandira nayo tsiku loyamba lomwe, ndikudutsa kuseri kwa wodi ndi beseni la matewera.

“Mayi, imani pomwepo! Manja akunyezimirawo mwadzola chiyani?”

“Gilisalini, agogo.”

“Mukadzolere ku Chitakale uko, n'kumene kuli anyamata. Kuno kuli ana odwala.”

Azimayi amene ankachapa pampopi anaseka. Ine ndinalowa m'wodi ndikulira, ndipo mumtima ndinati mdala ameneyu ndi mfiti, sindidzamupatsanso moni.

Zimenezo zinali zaka ziwiri zapitazo. Tadala anali ndi miyezi inayi, atagwidwa ndi chibayo. Akamapuma nthiti zinkalowa m'kati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Anamuika timapaipi tiwiri m'mphuno, ndipo kumutu kwa bedi kunali kabotolo kagalasi, m'kati mwake muli kampira kakang'ono ngati nsawawa, kakuyandama. Anesi anandilozera mzere nati, “Kampiraka kazikhala apa. Kakatsika, mundiitane.” Kuyambira pamenepo ine sindinayang'anenso china. Ndikudya, maso pa kampira. Ndikuyamwitsa, maso pa kampira. Anzanga akucheza za mitengo ya nandolo, ine maso pa kampira.

Mpweya umene unkanyamula kampira kaja unkachokera kwa a Muhala.

Kuseri kwa wodi kunali kashedi ka malata kopanda zipupa, ndipo m'menemo munkaima masilinda atatu. Osati aja aatali oonda amene mumaona kwa owotcherera pamsika. Awa anali onenepa, owala ngati poto watsopano, kutalika kundifika m'khosi. Anabwera nthawi ya matenda a chifuwa aja amene anatsekeretsa masukulu, ndipo atabwera panalibe amene ankawadziwa bwino, mpaka wina anakumbukira kuti kuli mdala wina wopuma ntchito ku esiteti amene ankagwira otero ku fakitale. Anakawatenga akupalira chinangwa.

A Muhala ndi amene anadzandiuza, patapita masiku, kuti m'masilinda muja simuli mpweya monga ife timaudziwira. Muli mpweya umene anauziziritsa mpaka unasanduka madzi, ozizira kuposa chilichonse chimene ndinachigwirapo, oti atakugwera pa chala, chala chimapsa ngati wagwira khala. Kuti madziwo abwerere kukhala mpweya wopuma mwana, amayenera kutenthedwa, ndipo chowatenthetsa si moto ayi, ndi mphepo wamba yakunjayi. N'chifukwa chake pakhoma panali chitsulo chachikulu, mapaipi okwera ndi kutsika okhala ndi mano ambirimbiri, chimene azimayi tinkachitcha chipeso. Madzi aja ankalowa m'chipeso kunsi, mphepo n'kumadutsa m'mano mwake, ndipo pofika kumwamba anali atasanduka mpweya.

Chipesocho anachipeza chili m'bokosi kustolo, anthu akuyesa ndi chotsalira. Anachimangirira okha. Ankati silinda imodzi payokha ili ndi pakamwa pang'ono, ukaiumiriza kuti ipereke zambiri imazizidwa, paipi imauma ndi ayezi, kenako imayamba kupereka zochepa kuposa poyamba. Ankati mpweya sukokedwa ngati mbuzi, umanyengereredwa. Akafuna wochuluka ankachita zitatu: kulumikiza masilinda pamodzi kuti agawane katundu, kutsegula kampopi kakang'ono kamene kamakweza mphamvu m'kati n'kudikira muvi wa geji usunthe, ndi kusamala kuti chipeso chizipitidwa mphepo mbali zonse. Potsegula kampopiko ankang'ung'udza Chilomwe, “Vakhani, vakhani,” ndiye kuti pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana wophunzira kuyenda.

Anayambana ndi aliyense. A Fanesi anayambana nawo chifukwa choyanika mopu pa chipeso. Mopuyo anaiponya padenga, ndipo a Fanesi anakhala sabata akuwatcha “mwamuna wa mabotolo,” ati akazi awo enieni kunyumba amagona ndi nsanje. Iwo ankayankha kuti mabotolo salongolola. Adalaivala a lole yobweretsa masilinda anayambana nawo chifukwa chofuna kugoneka silinda pansi kuti aigubuduze. A Muhala anakhala pansi patsogolo pa matayala nati, “Yambani mwagubuduza ine.” Ngakhale adokotala, mnyamata wamtali wa magalasi, anamvapo mawu tsiku lina atabwera kudzatsegula mpopi waukulu mpaka kumapeto. Anauzidwa kuti, “Achimwene, inu pitani mukabaye jakisoni. Ine ndinayamba ndakulowererani?”

Masilinda aja nthawi zina ankafwenthera okha, fyuuu, utsi woyera n'kutuluka, azimayi n'kuthawa kusiya mabeseni poyesa kuti akuphulika. A Muhala sankasuntha pakampando. Ankati akungogeya, wakhuta ndiye amageya.

Koma chinthu chimodzi, masiku amenewo, sankachita. Sankafotokoza. Ankangokalipa kuti musakhudze, chokani, pitani uko. Chifukwa chake sankanena. Kufotokoza anadzayamba pambuyo pa tsiku la bulangeti, ndipo azimayi amene anabwera pambuyo panga amawakumbukira ngati mphunzitsi, woitana mayi aliyense watsopano, kumuimika patsogolo pa chipeso ndi kumuuza kuti, “Mukachiona chayera chonchi musachimvere chisoni.” Iwo sadziwa kuti sukulu imeneyo inayamba ndi ine.

Linali tsiku lachisanu ndili m'chipatala. Chiperoni chinali chitagwa masiku atatu osakata, kamvula kosalekeza, kuzizira kolowa m'mafupa. M'mawa umenewo magetsi anazima, jenereta inalira pang'ono n'kutsamwa. Timakina tamagetsi timene tinkapatsa mpweya ana ena tinazima tonse, ndiye anesi anathamanga kulumikiza ana onse ku paipi ya a Muhala. Tinali azimayi asanu ndi mmodzi, ana asanu ndi mmodzi, mpweya wa paipi imodzi. Bedi loyandikana ndi langa linali la make Yohane, mayi wa ku Chinakanaka wogulitsa nthochi, amene anafika usiku wake ndi mwana atalefuka kale. Anali munthu wabwino. M'mawa womwewo anandigawira chinangwa chophika nati, “Idya achemwali, mkaka suchokera m'misozi.”

Ndinagwira kapaipi kolowa m'mphuno mwa Tadala. Kanali kozizira. Ndinagwira mphuno yake, yozizira. Kwathu mwana wa chibayo timamufunditsa, timamuthawitsa kumphepo, amayi anga anandiuza kuti chibayo chimabwera ndi chisanu. Ndiye iwowa akumuthira chisanu m'mphuno momwe?

Ndinatuluka ndi beseni ngati ndikukachapa. Kuseri kunalibe munthu. Kampando ka a Muhala kanali kokha, pakuti lole yobweretsa silinda yodzaza inali itatitimira m'matope kumsewu wa kumunsi, ndipo iwo anali atathamangira kumeneko kuopa kuti anyamata aigwetsa. M'kashedi munatsala masilinda awiri. Ndipo chipeso, mayo ine, chinali chitayera chonse, ayezi atakuta mano ake mpaka theka, chikufuka nthunzi yozizira, madontho akugwa pansi. Chinkaoneka ngati chinthu chodwala, chonjenjemera.

Sindinafunse munthu. Ndikanafunsa ndani, poti mwini wake ankangokalipa? Ndinathamangira m'wodi, ndinatenga bulangeti langa, lija lofiira la mizere yakuda limene apongozi anandigulira pochira, ndinabwera nalo. Ndinafunditsa chipeso kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinalowetsa m'mphepete mwake kuseri kuti mphepo isapeze polowera, monga timachitira ndi mwana wakhanda. Ndinavula chitenje chapamwamba n'kumanga pakati kuti lisagwe. Zala zinachita dzanzi koma ndinamanga mfundo ziwiri. Ndinabwerera m'wodi mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti ndachita chimene amuna onsewa sanachiganize.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinayamwitsa. Make Yohane anandifunsa kuti bulangeti lako lili kuti, ukunjenjemeratu, ine ndinati ndachapa. Kenako ndinayang'ana kampira.

Kanali pansi pa mzere.

Ndinati mwina ndi maso angawa. Ndinapukuta galasi ndi chala. Kanatsikanso, kakunjenjemera. Ndinayang'ana kwa make Yohane, nakonso katsika. Mayi wa kukona anakuwa, “Anesi! Anesi, kampira!” Kenako tonse tinakuwa. Anesi anathamanga bedi ili, bedi ilo, kupotokola timipopi, koma timipira tonse tinkangotsika ngati tapangana. Tadala anayamba kutsegula kukamwa ngati kansomba kovuulidwa, milomo ikuda. Ndinamunyamula, ndinamuika, ndinamunyamulanso. Ndinkamuuzira mpweya wanga kumaso, ine wopusa, ngati ndikukoleza moto.

Ndinamva mawu a a Muhala kuseri. Sanali mawu a Chichewa. Ndinathamangira pazenera ndipo ndinawaona, matope mpaka m'mawondo, alonda awiri akukankha silinda yatsopano pa kangolo, iwo ataima patsogolo pa chipeso. Anaima kamphindi kochepa chabe. Kenako anauza alonda kuti, “Pitani kukhitchini kwa magadiyani, madzi ofunda, osati owira, ofunda! Muitane azimayi onse abwere ndi malichero!” Alonda atangokhota pakona, anadula chitenje changa ndi mpeni, anakoka bulangeti. Linali litamatirira ku ayezi, linang'ambika, ubweya wofiira unatsalira m'mano a chipeso. Analipinda msangamsanga, analiika pakampando kawo, anaponyapo chiguduli chimene ankakhalira masiku onse. Ubweya wotsalira uja anauthothola ndi zala n'kuuika m'thumba la ovolosi.

Atatukula mutu anandiona pazenera. Tinayang'anana. Bulangeti limenelo anali ataliona paphewa panga masiku asanu.

“Iwe! Usangoima, tenga lichero!”

Ndinatuluka. Azimayi a kumagadiyani anabwera akuthamanga, ena malichero, ena makatoni, wina chivundikiro cha ndowa. A Muhala anatiimika mizere iwiri. “Kupizani! Ngati mukukupiza mbaula ya maliro, kupizani!” Tinakupiza. A Fanesi ankathira madzi ofunda ndi kapu pamene iwo aloza, ayezi n'kumasweka, kugwa zibenthuzibenthu pa simenti. Iwo anasamba m'manja ndi sopo wawo uja, ngakhale pa nthawi ngati imeneyo anasamba, kenako anagwada pa silinda yatsopano ndi sipanala, kuilumikiza kuti izipereka mpweya payokha osadzera pa chipeso, ithandize anzake. Anatsegula kampopi kakang'ono. “Vakhani, vakhani.” Diso lija likukha misozi, linalo lili pa geji.

“A Muhala, tsegulani wonse!” anakuwa adokotala ali pakhomo.

“Ndikatsegula wonse muziika maliro asanu ndi amodzi. Bwererani kwa ana!”

Mikono inandipweteka, koma ndinakupiza ngati ndikupepesa. Sindinkaona chilichonse, misozi ndi kamvula zinasakanikirana. Kenako tinamva anesi m'kati akukuwa kuti, “Kakukwera! Kakukwera!” Azimayi ena anayamba nthungululu. A Muhala anati, “Nthungululu mukaimbire kwanu, kupizani.” Tinakupiza mpaka magetsi anayaka, dzuwa litapendeka.

Tadala milomo inabwerera. Anayamwa madzulo amenewo.

Yohane anamwalira chakumasana, ife tikukupiza panja. Make anali yekha pabedi. Pamene ndinalowa anali atamukulunga kale, ndipo anandiyang'ana nati, “Wako ali bwanji, achemwali?” Anatola mbale yake ya chinangwa, anandisiyira zotsala, ati iye sadyanso.

Mawa lake kunali kufunsana. Akuluakulu a chipatala anabwera kukashedi, adokotala, ametroni, ndi bambo wina wa tayi. Ine ndinali pampopi, ndikuchapa thewera limodzi lomwelo kosatha, makutu ali komweko. A Muhala anali atakhala pakampando kawo, pa chiguduli, pansi pake pali bulangeti langa. Sanaimirire ngakhale pofika akuluakuluwo, ndipo ametroni anawadzudzula kuti alibe ulemu.

“Chinachitika n'chiyani kuti mpweya utsike?”

“Chipeso chinauma ndi ayezi.”

“Chifukwa chiyani?”

“Ana anachuluka, kunja kunazizira, ndipo ine ndinachoka pamalo.”

“Palibe amene anakhudza?”

“Ndanena kuti ndinachoka pamalo. Lembani zimenezo.”

Analemba zimenezo.

Tsiku lotuluka ndinapita kukatsanzika a Muhala. Ndinagwada patali, manja osadzola kanthu. Anatulutsa jumbo yakuda pansi pa kampando n'kuikankhira kwa ine ndi phazi. Munali bulangeti, lochapidwa, pong'ambika paja atasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza, masokedwe a mwamuna.

“Agogo,” ndinatero, “kodi Yohane ndinamupha ndine?”

Ndinkafuna anene kuti ayi. Munthu wina aliyense akananena kuti ayi.

“Ine ndimadziwa mapaipi, za imfa sindidziwa,” anatero. “Adokotala akuti mwana uja anafika mochedwa, mwina sakanachira. Zimenezo n'zoona. Bulangeti lako linatsekereza mphepo, mpweya unachepa. Nazonso n'zoona. Unyamule zonse ziwiri, usataye chimodzi.”

Ndinalira mpaka mamina. Anandisiya ndilire.

“Nanga bwanji simunanene?”

“Ndinene kuti azimayi aja akung'ambe? Mwana wakoyo akanayamwa ine?” Anapukuta diso lawo ndi kuseri kwa dzanja. “Ndiponso iwe unafunditsa chifukwa unaona chinthu chikuzizidwa. Amako anakuphunzitsa bwino. Amene sanakuphunzitse ndine. Chaka chonse ndakhala pano ndikukuwa ngati galu wa pa esiteti, osauza munthu n'mmodzi yemwe kuti chitsulochi chimadya mphepo. Bwera kuno.”

Anandiimika patsogolo pa chipeso, ndipo zonse zimene ndalemba pamwambapa, za madzi ozizira, za pakamwa pang'ono, za kugawana katundu, anandiuza tsiku limenelo, Tadala ali kumsana akugona. Pomaliza anati, “Bwereza.” Ndinabwereza. Ndinalakwitsa, anandikalipira, ndinabwerezanso. Kenako anasuzumira kumsana kwanga, anayang'ana mwana, osamugwira, nati, “Kapumidwe kabwino. Pitani, basi ikusiyani.”

Chaka chimenecho chisanathe akuluakulu aja anawalembera kalata yowachotsa ntchito. Ati akalamba, ndipo nkhani ya kuchoka pamalo ija inali m'faelo. Makiyi anapatsa mnyamata wina wa satifiketi, amene amayang'aniranso jenereta ndi mapampu a madzi, ndiye kukashedi amangodutsako m'mawa ndi madzulo. Zimenezi ndinazimva nditabwera ku sikelo, ndipo ndinati ndipita kwa ametroni ndikanene zoona. Ndinafika mpaka pakhomo pa ofesi. Ndinaima. Ndinamva mapazi m'kati, ndinathawa. Kachiwiri ndinawauza a Muhala eni ake kuti ndikufuna kukanena, iwo anati, “Ukanene kuti andibwezere unyamata?” Ndinagwira mawu amenewo ngati chilolezo, chifukwa ndinali ndi mantha. Ndilembe poyera: ndinali ndi mantha, ndipo munthu wokalamba anachotsedwa ntchito atakhalira bulangeti langa.

Koma sanasiye kubwera. Kukangoti kwachita mitambo ya chiperoni, ankayenda wapansi kuchokera kwawo kuseri kwa Chitakale, n'kudzakhala pakampando kaja popanda malipiro, popanda makiyi. Alonda anatopa kuwathamangitsa. Mpopi sankagwiranso, ankangoitana azimayi atsopano mmodzimmodzi kudzawaimika pa chipeso. Nthawi zonse ndikabwera ndi Tadala ndinkawatengera kalongonda wophika kapena chinanazi, iwo n'kumati, “Wandibweretsera chiyani, wakuba mphepo iwe?” Ndi mawu okhawo amene ankatchulira nkhani ija, ndipo ankawanena motsitsa, pakakhala palibe wina.

Za imfa yawo a Fanesi anandifotokozera titakhala pa khonde. Ati chifuwa chinawagwira nthawi ya mvula, utsi wa zaka zonse zowotcherera uja. Ana awo anawabweretsa pa njinga yamoto, anawagoneka ku wodi ya abambo, anawaika mpweya wa m'masilinda awo omwe. Ati anagona chagada, maso pa kampira, ndipo a Fanesi atalowa kukakolopa anawakodola ndi chala.

“Anati chiyani?”

“Anati, ‘Fanesi, kampiraka kakuvina. Kamuuze mnyamata wa makiyi uja atsegule kampopi kakang'ono, asafulumire. Ndipo ukayang'ane ngati wina sanayanike mopu.’ Ine ndinati, ‘Inu a Muhala, mukufa mukulongolola?’ Iwo anati, ‘Ndiwe unayamba.’” A Fanesi anaseka, kenako anaphimba nkhope ndi epuloni. “Anatha masiku awiri. Maliro anali aang'ono, mvula inali yambiri.”

Tadala amugonekanso. Ndi chibayo chomwe chija, koma adokotala akuti tabwera msanga. Ali pabedi lachitatu kuchokera pakhomo, timapaipi m'mphuno, tsopano ndi wamkulu moti amafuna kutizula, ndiye ndimamugwira manja. Ndikulemba izi pa bondo, m'kope la mlongo wanga, ndipo mzere uliwonse ndikamaliza ndimayang'ana kampira. Kali pa mzere. Kunja chiperoni chinayamba dzana. Magetsi aphethira kawiri m'mawa uno.

Ndinapita kuseri kuja nditangomva. Masilinda alipo atatu, akuwala monga kale, ina inageya ine ndili pomwepo ndipo sindinathawe. Kampando kalipo, mwendo umodzi unathyoka, wina anakatsamiritsa kukhoma. Chiguduli palibe. Pa msomali chingwe chikulendewera, kumapeto kwake kwatsala kachidutswa ka sopo kouma, kong'aluka, kochepa ngati chikhadabo. Pansi pamene ankaponda magambuti simenti inasalala malo awiri. Pakhoma anakhomapo chikwangwani chatsopano cha zilembo zofiira, cha m'Chingerezi, chimene ngakhale ine wa Sitandade 6 ndinangotolapo mawu awiri.

Ndipo pa chipeso panali zitenje ziwiri ndi kabulangeti ka mwana, zoyanikidwa bwinobwino, zotambasulidwa kuphimba mano onse a pamwamba.

Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pabwera wina wodzakalipa. Panalibe. Kunali kamvula kokha pa malata.

Ndinapukuta manja pa chitenje changa, ndinawanunkhiza ngati ali ndi mafuta. Ndinachotsa zovala zija chimodzichimodzi. Mtsikana wina anatulukira pampopi akuthamanga, wamng'ono kuposa ine, maso ofiira osagona, mabere akudontha pa bulauzi.

“Amayi, n'zanga zimenezo! Ndaona chazizira, ndiye ndimati…”

Mawu anandifika pakhosi, aukali, a eni ake a kampando kaja. Ndinawameza.

“Wanu ali bedi liti, achemwali?”

“Lachiwiri. Ali pa mpweya.”

“Wanga lachitatu. Bwerani kuno, muime apa. Mukachiona chayera chonchi musachimvere chisoni.”

Anaima pamene ndinaima ine. Kampando kanali kumbuyo kwathu, kopanda munthu.